Bungwe loyima palokha limayankha kwa yani?

Mu Malichi 2014, mayi Thuli Madonsela anatulutsa lipoti lokhudza ndalama za boma zimene zinagwiritsidwa ntchito pokonza nyumba ya Pulezidenti Jacob Zuma ku Nkandla, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Mayiwa anali pa udindo wa Public Protector, ofesi imene malamulo aakulu a dzikolo anakhazikitsa kuti munthu wolakwiridwa ndi boma akhale nako kokadandaula. Ntchito ya ku Nkandla inadya marandi pafupifupi 246 miliyoni, ndipo boma linkanena kuti zonsezo zinali za chitetezo cha mtsogoleri wa dziko. Madonsela atafufuza anapeza kuti zina mwa zomangidwazo zinalibe chochita ndi chitetezo ngakhale pang'ono: dziwe losambiramo, khola la ng'ombe, khola la nkhuku, bwalo lochitirapo zisangalalo ndi nyumba yolandirira alendo. Analamula kuti Zuma abweze gawo la ndalamazo.

Malamulo omwewo amene anapatsa ofesi ya Madonsela ufulu woyima payokha amanenanso kuti ofesiyo imayankha ku Nyumba ya Malamulo, ndipo iyenera kuperekako lipoti kosachepera kamodzi pachaka. Choncho lipoti la Nkandla linafika m'manja mwa aphungu. Iwo anachita nalo chiyani? Anadikira nduna yoona za apolisi, Nathi Nhleko, munthu wosankhidwa ndi Zuma yemweyo, kuti alembe lipoti lakelake. Ndunayo inalemba mu 2015, n'kunena kuti Pulezidenti alibe ngongole ngakhale ya senti imodzi, ndipo dziwe losambiramo lija ndi nkhokwe ya madzi ozimitsira moto nyumba zaudzu zikayaka. Aphungu a chipani cholamula anakweza manja, kuvomereza lipoti la nduna, la Madonsela lija n'kulikankhira pambali. Zinatengera khothi loona za malamulo aakulu a dziko, pa 31 Malichi 2016, kugamula kuti zimene Public Protector walamula ziyenera kutsatidwa pokhapokha khothi litazithetsa, kuti Pulezidenti anaphwanya malamulo aakulu, ndiponso kuti Nyumba ya Malamulo inalephera ntchito yake. Chaka chomwecho Zuma anabweza marandi 7.8 miliyoni.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa cha dandaulo limene limamveka m'maiko ambiri, makamaka m'kamwa mwa andale. Amati mabungwe oyima paokha akula mphamvu, akuluakulu ake sanavoteredwe ndi munthu aliyense, amadya misonkho koma palibe wowafunsa. Dandauloli lili ndi fupa lake, ndipo sindilitaya. Koma ndikayang'ana mmene zinthu zimayendera, ndimaona kuti mpata umene anthu akudandaulawo kawirikawiri umakhala kumbali ya aphungu. Njira zofunsira mabungwewa zilipo, zinalembedwa kale m'malamulo. Chimene chimasowa ndi aphungu owerenga malipoti, ofunsa mafunso oyenera pa nthawi yake, ndi olimba mtima kumvera yankho ngakhale likupweteka chipani chawo.

Tisanapite patali, tikumbutsane chifukwa chimene maiko amachotsera ntchito zina m'manja mwa nduna. Pali ntchito zimene wandale sangazigwire mwachilungamo ngakhale atakhala munthu wabwino bwanji, chifukwa iye mwini ali ndi mbali pa nkhaniyo. Wopikisana nawo pa chisankho sangawerenge mavoti. Woganiziridwa kuti waba sangasankhe womufufuza. Boma limene likufuna kusangalatsa anthu miyezi isanu chisankho chisanachitike silingapatsidwe makina osindikizira ndalama. Chomalizachi chili ndi umboni wowawa. Ku Zimbabwe, banki yaikulu pansi pa Gideon Gono inasanduka thumba la boma, ndipo pofika Julayi 2008 ziwerengero za boma lenilenilo zinkasonyeza kuti mitengo ya zinthu ikukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la ndalama lolembedwa madola 100 thililiyoni. Ku Turkey, Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan, amene amakhulupirira kuti chiwongoladzanja chokwera ndicho chimakweza mitengo, anachotsa akuluakulu atatu a banki yaikulu pakati pa Julayi 2019 ndi Malichi 2021. Wachitatuyo, Naci Ağbal, anachotsedwa patangopita masiku owerengeka atakweza chiwongoladzanja kufika pa 19 peresenti. Mu Okutobala 2022 kukwera kwa mitengo kunadutsa 85 peresenti. Amene analipira ndi anthu olandira malipiro a pamwezi ndi okalamba odalira penshoni.

Ndiye ufulu wa mabungwewa uli ndi chifukwa chake chomveka. Vuto limabwera anthu akayamba kuganiza kuti kungolemba m'lamulo kuti bungwe ili ndi loyima palokha kumasandutsa akuluakulu ake kukhala angelo.

J. Edgar Hoover anatsogolera bungwe lofufuza milandu la FBI ku United States kuyambira 1924 mpaka imfa yake mu 1972, zaka 48. Papepala anali pansi pa unduna wa zachilungamo. M'zochitika anali mfumu payekha. Anasonkhanitsa zinsinsi za andale, ndipo apulezidenti ndi aphungu omwe ankamuopa. Bungwe lake linkazonda anthu omenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo mu 1964 linatumizira Martin Luther King kalata yopanda dzina yomuopseza ndi nkhani za moyo wake wamseri. Zambiri mwa izi zinadziwika bwino Hoover atamwalira kale, pamene komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, yotsogozedwa ndi Frank Church inafufuza mabungwe azaukazitape mu 1975 ndi 1976. Ndi mu 1976 momwemo pamene aphungu anakhazikitsa lamulo loti mkulu wa FBI asapitirire zaka khumi pa mpando. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu aphunguwo anali ndi mphamvu zonse zomuitanitsa ndi kumufunsa, ndipo chaka ndi chaka ankamupatsa ndalama zimene wapempha. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Hoover anadziwa kukhala pa mkhate, koma amene anamulola kukwerapo ndi aphungu amene anasankha kuyang'ana kumbali.

Apa ndiye pagona nkhani. Bungwe liyenera kutetezedwa kwa andale kuti ligwire ntchito, komanso liyenera kufunsidwa ndi andale omwewo chifukwa ndiwo okha amene anthu anawatuma kudzera m'voti. Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati zikukangana, ndipo anthu ambiri amangosankhapo chimodzi malinga ndi amene ali pampando tsiku limenelo. Chipani chikakhala kotsutsa chimaimba nyimbo ya ufulu wa mabungwe. Chikalowa m'boma chimayamba kukumbukira kuti mabungwewa sanasankhidwe ndi anthu. Ine ndikuona kuti ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi, bola tisiyanitse mafunso amene phungu ali ndi ufulu wofunsa ndi malamulo amene alibe ufulu wopereka.

Chitsanzo chooneka bwino ndi cha Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain. Mu Meyi 1997, patangopita masiku ochepa chipani cha Labour chitapambana chisankho, nduna ya zachuma Gordon Brown inalengeza kuti kuyambira pamenepo banki ndiyo izikhazikitsa chiwongoladzanja, nduna isalowererepo. Koma cholinga chinatsala m'manja mwa osankhidwa ndi anthu. Boma ndilo limanena mlingo umene kukwera kwa mitengo kuyenera kukhalapo, ndipo kuyambira 2003 mlingowo ndi 2 peresenti. Mitengo ikakwera kupitirira 3 peresenti kapena kutsika pansi pa 1 peresenti, mkulu wa banki amakakamizidwa kulembera nduna kalata yoti aliyense awerenge, yofotokoza chimene chalakwika, chimene banki ikuchitapo, ndi nthawi imene ikuyembekeza kuti zinthu zibwerere m'malo. Kalata yoyamba yotere analemba Mervyn King mu Epulo 2007. Mavoti a mamembala asanu ndi anayi a komiti yokhazikitsa chiwongoladzanja amasindikizidwa dzina ndi dzina. Ndipo mkulu wa banki amakaonekera kawirikawiri ku komiti ya aphungu yoona za chuma. Mu 2022, mitengo itakwera kufika 11.1 peresenti mu Okutobala, mkulu wa bankiyo Andrew Bailey anakhala pa mpando wotentha kangapo konse, aphungu akumufunsa chifukwa chimene banki inachedwera kuona zimene zikubwera. Palibe phungu amene anali ndi mphamvu yomuuza kuti mawa utsitse kapena ukweze chiwongoladzanja. Koma palibenso tsiku limene Bailey akanatha kunena kuti zimenezo n'zathu, musatifunse.

Ku United States nako, kuchokera pa lamulo la 1978, wapampando wa Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, amakafotokoza za ntchito ya bankiyo pamaso pa aphungu kawiri pachaka. Tsikulo limadziwika pasadakhale. Mfundo imeneyi ikuoneka yaing'ono koma ndi yaikulu, ndipo ndibwererako.

Dongosolo lomweli lingagwire pa mabungwe ena. Tengani bungwe lolimbana ndi katangale. Komiti ya aphungu ili ndi ufulu wonse wofunsa kuti chaka chathachi munalandira madandaulo angati, munafufuza angati, angati anafika kukhothi, ndipo pa amene anafikawo munapambana angati. Ikhoza kufunsa chifukwa chimene milandu imagonera zaka zisanu isanazengedwe, chifukwa chimene ofufuza odziwa ntchito akuchokera m'bungwemo, mmene ndalama za maulendo zinathera mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ikhoza kufunsanso funso lovuta kwambiri, loti bwanji onse amene mwamanga m'zaka ziwirizi ndi a mbali imodzi ya ndale, ndipo bungwe liyenera kuyankha ndi ziwerengero ndi ndondomeko yake yosankhira milandu. Chimene komiti ilibe ufulu wochita ndi kuitanitsa fayilo ya munthu wakutiwakuti amene akufufuzidwa, kapena kuuza mkulu wa bungwe kuti mlandu uwu usiye, uwo uthamangitse. Bungwe loyendetsa zisankho lingafunsidwe za kaundula wa ovota, za mtengo wa zipangizo, za mmene linasankhira kampani yosindikiza mapepala ovotera, za nthawi imene zotsatira zimatenga kuchoka kumalo ovotera kufika kulikulu. Silingauzidwe wopambana.

Wina anena kuti mzere umenewu ndi wosavuta kuujambula papepala chabe. Ndikuvomera. Funso lokhudza ndalama za maulendo likhoza kukhala chikwapu chobisika. Mkulu wa bungwe amene wamanga nduna Lolemba, n'kulandira kalata Lachitatu yomuitana ku komiti kuti akafotokoze za galimoto imene anagula zaka ziwiri zapitazo, safunika womasulira kuti amve uthengawo. N'chifukwa chake ndinati tsiku lodziwika pasadakhale ndi nkhani yaikulu. Ngati lamulo likunena kuti bungwe lililonse lidzaonekera ku komiti yake mwezi wakutiwakuti chaka chilichonse, kaya kwagwa nkhani kaya sikunagwe, kuitanidwako kumasiya kukhala chilango. Kumakhala ntchito wamba, yotopetsa, yopanda makamera ambiri. Kulondoloza kwenikweni kumaoneka choncho. Komiti imene imangodzuka bungwe likakhudza munthu wamkulu, chaka chonse ili m'tulo, ikuchita ntchito ina, ndipo anthu amaiona.

Kufunsa mafunso ndi chida chofatsa kwambiri mwa zida zimene Nyumba ya Malamulo ili nazo. Zida zakuthwa ndi zinayi: kuvomereza amene alowe pa udindo, kugawa ndalama, kuchotsa munthu pa udindo, ndi kuthetseratu bungwe. Chilichonse mwa izi chinagwiritsidwapo ntchito moipa kwinakwake.

Kuthetsa bungwe kunachitika ku South Africa komweko. Gulu lofufuza milandu ikuluikulu lodziwika kuti Scorpions linali ndi mbiri yopambana milandu yambiri kukhothi, ndipo linali litafufuza akuluakulu a chipani cholamula cha ANC, kuphatikizapo Zuma yemwe. Pa msonkhano waukulu wa chipanicho ku Polokwane mu Disembala 2007, nthumwi zinagwirizana kuti gululo lithe. Aphungu anakhazikitsa lamulo mu 2008, ndipo mu 2009 Scorpions inatha, m'malo mwake n'kubwera gulu latsopano la Hawks pansi pa apolisi. Zonse zinachitika motsata ndondomeko: kukambirana, kumva maganizo a anthu, kuvota. Mu 2011 khothi loona za malamulo aakulu, pa mlandu umene anasuma wamalonda Hugh Glenister, linagamula kuti Hawks inalibe chitetezo chokwanira kwa andale. Aphungu amene anathetsa Scorpions ankanena kuti gululo linkachita zinthu mopyola malire ndipo linalibe woliyang'anira. Mwina pena ankanena zoona. Koma mankhwala a bungwe lopyola malire ndi kulimanga ndi malamulo omveka ndi kulifunsa pafupipafupi, ndipo iwo sanayese n'komwe njira imeneyo.

Ndalama ndiye chida chachete. Palibe amene amaima m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti tiyeni tiphe bungwe ili. Amangolipatsa ndalama zokwanira malipiro ndi lendi, zofufuzira ayi. Kapena ndalama zimavomerezedwa m'bajeti koma unduna wa zachuma umazitulutsa mwapang'onopang'ono, mochedwa, moti mkulu wa bungwe amatha theka la nthawi yake akugogoda pakhomo la nduna imene mawa angafunike kuifufuza. Maiko ena anaona msampha umenewu. Ku Britain, bajeti ya ofesi yolondoloza za chuma cha boma imaunikidwa ndi gulu la aphungu, osati unduna wa zachuma umene ofesiyo imaufufuza. Federal Reserve imadzipezera yokha ndalama zoyendetsera ntchito zake. Njira yachiwiriyi ine sindiikonda kwenikweni pa mabungwe ambiri, chifukwa bungwe losadalira aphungu pa kalikonse limayamba kuiwala njira yopita ku komiti. Koma pakati pa kudzipezera ndalama ndi kupemphetsa kwa nduna pali malo okwanira: aphungu avomereze bajeti poyera, ndipo ikavomerezedwa ituluke yonse, pa nthawi yake, popanda nduna kuikapo dzanja.

Za kuvomereza anthu pa maudindo, kuno ku Malawi tinaonera tokha mu Meyi 2021. Martha Chizuma, amene anali atadziwika ndi ntchito yake ngati Ombudsman, anasankhidwa kukhala mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB. Komiti ya aphungu yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo inamukana. Anthu anakwiya, ndipo pasanathe sabata komiti yomweyo inakumananso n'kumuvomereza. Sindikufuna kukangana ndi aliyense za mmene mayiwa anagwirira ntchito pambuyo pake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pa ziganizo ziwiri zotsutsanazo, anthu sanamve chifukwa chomveka cha chilichonse. Ngati komiti inali ndi chifukwa chokanira, chifukwacho chinapita kuti m'masiku ochepawo? Ngati inalibe, inakaniranji? Komiti imene ikufuna kuti mabungwe azifotokoza zifukwa za ziganizo zawo iyenera kuyamba ndi kufotokoza zake. Mphamvu yovomereza kapena kukana munthu ndi yoyenera kukhala ndi aphungu, koma ichitikire poyera, phungu aliyense adziwike mmene wavotera, ndipo zifukwa zilembedwe.

Pa nkhani yochotsa munthu, a ku America akhala akukangana kwa zaka pafupifupi zana. Mu 1933 Pulezidenti Franklin Roosevelt anachotsa William Humphrey, komishonala wa bungwe loona za malonda la FTC, chifukwa chosiyana maganizo pa ndondomeko. Humphrey anamwalira mlandu usanathe, ndipo amene ankayang'anira chuma chake chamasiye ndiye anapitiriza kusumira malipiro ake. Mu 1935 khothi lalikulu linagamula kuti aphungu ali ndi ufulu woteteza makomishonala otere kuti asachotsedwe popanda cholakwa chenicheni. Mu 2020 khothi lomwelo linati chitetezo chotere sichingaperekedwe kwa munthu mmodzi yekha wotsogolera bungwe loteteza ogula pa nkhani za ngongole ndi mabanki la CFPB. Amene amafuna kuti Pulezidenti azitha kuchotsa aliyense amati imeneyo ndiyo demokalase, poti Pulezidenti ndiye anavoteredwa. Ine mfundo imeneyo imandivuta. Aphungu nawonso anavoteredwa, ndipo ndiwo analemba lamulo lokhazikitsa bungwelo ndi malire ake. Kunena kuti bungwe limayankha kwa anthu pokhapokha munthu mmodzi atha kuchotsa mkulu wake m'mawa uliwonse ndi kusandutsa demokalase kukhala ofesi imodzi.

Tsopano pali chinthu chimene olemba malamulo ambiri amachilambalala. Tikanena kuti Nyumba ya Malamulo iyang'anire mabungwe, timalankhula ngati Nyumbayo ndi munthu mmodzi wosakondera. Koma Nyumba ya Malamulo ndi zipani, ndipo nthawi zambiri chipani chokhala ndi aphungu ochuluka ndi chomwecho chimene chikuyendetsa boma. Ku Nkandla aphungu a ANC sanalephere kumvetsa lipoti la Madonsela. Analimvetsa bwino lomwe. Ku South Africa phungu amalowa m'Nyumba kudzera pa mndandanda wa chipani, ndipo akachotsedwa m'chipani mpando wakenso wapita. Munthu wotere ukamufunsa kuti asankhe pakati pa lipoti la Public Protector ndi mtsogoleri wa chipani chake, wamufunsa kuti asankhe pakati pa chilungamo ndi malipiro ake.

Angelezi analiona vutoli kalekale. Komiti yawo yolondoloza za ndalama za boma inakhazikitsidwa mu 1861 William Gladstone ali nduna ya zachuma, ndipo mwambo umene unakhazikika n'ngwakuti wapampando wake azichokera kumbali yotsutsa boma. Mu 1866 anakhazikitsa udindo wa mkulu wolondoloza za chuma cha boma, ndipo lamulo la 1983 linanena momveka kuti mkuluyu ndi wantchito wa Nyumba ya Malamulo. Maiko ambiri amene anatengera dongosolo la Britain anatengeranso mwambo wa wapampando wotsutsa. Ku Sweden, ofesi ya Ombudsman imene inayamba mu 1809 inali ya aphungu kuyambira pachiyambi, diso lawo loyang'ana mmene akuluakulu a boma akutsatira malamulo. Nzeru yake ndi yoti mabungwe ena oyima paokha ndi maso ndi makutu a Nyumba ya Malamulo imene. Phungu amene amaona wolondoloza za chuma ngati mdani akudzitsina yekha. Ndingakonde mwambo wa wapampando wotsutsa utafalikira ku makomiti onse oyang'anira mabungwe otere, ndipo chiganizo chochotsa mkulu wa bungwe chizifuna mavoti ochuluka moti chipani chimodzi sichingawakwanitse chokha.

Komabe ngakhale wapampando atachokera kotsutsa, pali ulesi wamba umene sudziwa chipani. Malipoti a pachaka amafika mochedwa, nthawi zina ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo palibe wofunsa chifukwa. Akafika amaikidwa patebulo, mawu amene m'maiko ambiri amatanthauza kuti nkhani yathera pomwepo. Wolondoloza za chuma amalemba cholakwika chomwecho, mu unduna womwewo, zaka zisanu zotsatizana. Komiti imaitana mlembi wamkulu wa undunawo, kumukalipira pamaso pa atolankhani, kulemba malangizo, ndipo chaka chamawa palibe amene amatsegula malangizowo kuti aone ngati limodzi lokha linatsatidwa. Mbali ina aphungu ndimawamvera chisoni. Munthu amene dzulo anali mphunzitsi kapena wamalonda akuyembekezeka lero kufunsa katswiri wa zachuma amene wakhala m'banki zaka makumi atatu, ndipo komiti yake ili ndi kalaliki mmodzi wolemba zokambirana. Wofunsidwa amabwera ndi gulu la akatswiri ndi zikwatu za mapepala. Wofunsa wapatsidwa lipoti la masamba mazana atatu usiku wathawu. Zikatero phungu amathawira ku mafunso amene angathe, okhudza galimoto ndi maalawansi, nkhani yeniyeni n'kudutsa osakhudzidwa. Ndalama zolembera akatswiri ochepa okhazikika pa komiti iliyonse ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mabungwewa amayendetsa, koma kawirikawiri aphungu akamakambirana bajeti yawo, zimenezi sizikhala pamwamba.

Zimene aphungu angathe akafuna zinaoneka ku Japan. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima itachitika mu Malichi 2011, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa gulu lofufuza loyima palokha, lotsogozedwa ndi dokotala Kiyoshi Kurokawa. Lipoti lake la mu Julayi 2012 linanena mosabisa kuti ngoziyo inali yopangidwa ndi anthu, ndipo bungwe loyang'anira chitetezo cha nyukiliya linali litagwidwa m'manja ndi makampani amene linkayenera kuwayang'anira. Bungwelo linali pansi pa unduna womwewo umene ntchito yake inali kulimbikitsa magetsi a nyukiliya. Mu Seputembala 2012 linathetsedwa, n'kukhazikitsidwa lina loyima patali ndi undunawo. Apa pali phunziro lina limene sitilikamba mokwanira: bungwe likhoza kumasuka kwa andale koma n'kugwidwa ndi amalonda amene likuwayang'anira, ndipo amene angatulukire zimenezo ndi aphungu ofunsa kuti akuluakulu a bungwe amachokera kuti ndipo akapuma amakalembedwa ntchito kuti.

Ena amati bwanji osangosiyira makhothi, poti ndiwo akhala akupulumutsa zinthu. N'zoona kuti ku Nkandla linali khothi. Ku Kenya mu 2017 khothi lalikulu ndilo linathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti chifukwa cha zolakwika za bungwe loyendetsa zisankho. Ku Malawi pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Koma khothi limadikira wosuma, ndipo wosumayo akhale ndi ndalama za maloya. Limayankha funso loti lamulo latsatidwa kapena ayi. Silingakuuzeni ngati bungwe likugwira ntchito mwaulesi, ngati ndalama zake zikupindula, ngati lamulo lolikhazikitsa lakalamba. Ndipo oweruza nawonso sanavoteredwe, moti kuwasenzetsa katundu yense ndi kungosamutsa funso lija kuchoka pa bungwe lina losasankhidwa kupita pa lina. Oweruza a ku Malawi anazindikira malire awo: nkhani yoti makomishonala a bungwe la zisankho anali oyenera kupitiriza ntchito kapena ayi anaitumiza ku komiti ya aphungu. Komitiyo inawafunsa mmodzimmodzi n'kupeza kuti sanali oyenera, Pulezidenti Peter Mutharika anakana kuwachotsa, ndipo wapampando Jane Ansah anatula pansi udindo yekha mu Meyi, chisankho chatsopano cha pa 23 Juni chili pafupi. Funso limene limatsala n'lakuti mafunso amene komitiyo inafunsa mu 2020, khothi litaituma, inalekeranji kuwafunsa chisankho cha 2019 chisanachitike, pamene mayankho ake akanathandiza.

Tibwerere ku South Africa, chifukwa nkhani ya ofesi ya Public Protector ili ndi chigawo chachiwiri. Madonsela atamaliza zaka zake zisanu ndi ziwiri mu 2016, aphungu anasankha Busisiwe Mkhwebane. Mu 2017 mayiyu anatulutsa lipoti lolamula Nyumba ya Malamulo kuti isinthe malamulo aakulu a dziko pofuna kusintha ntchito ya banki yaikulu, chinthu chimene chinali kutali ndi mphamvu zake, ndipo khothi linachithetsa. Mu 2019 khothi loona za malamulo aakulu linavomereza kuti alipire gawo la ndalama za mlandu kuchokera m'thumba mwake, litapeza kuti sananene zoona pa mmene anafufuzira. Malipoti ake ena akuluakulu anagwanso kukhothi motsatizana. Apa tsopano panali mkulu wa bungwe loyima palokha amene ankafunikadi kufunsidwa mwamphamvu, ndipo malamulo aakulu a 1996 anapereka njira: komiti ipeze kuti walakwa kapena walephera ntchito, kenako magawo awiri mwa atatu a aphungu avomereze kumuchotsa. Zinapezeka kuti kwa zaka zoposa makumi awiri Nyumba ya Malamulo inali isanalembe n'komwe ndondomeko yoyendetsera ntchito imeneyi. Inailemba kumapeto kwa 2019. Kumva umboni kunayamba mu Julayi 2022, pakati pa milandu yambirimbiri imene Mkhwebane ankasuma pofuna kuimitsa zonse. Voti inachitika pa 11 Seputembala 2023, aphungu 318 kuvomereza kuti achoke, 43 kukana. Nthawi yake pa udindowo inali yoti ithe mwezi wotsatira.